Corolla AE100 yanga ikumisa ndi kutulutsa utsi wakuda, ndigule sensa iti?

Mphunzitsi_wa_ku_Dedza analemba:

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo ndisanataye ndalama zina. Ndili ndi Toyota Corolla AE100 ya 1994, injini ya 5A-FE, ya magiya a pamanja. Inachokera ku Japan kalekale ndipo yadutsa m'manja mwa anthu angapo isanafike kwa ine. Yandisunga zaka zambiri popanda chodandaula, koma chiyambire kuzizira kwa chaka chino yasintha khalidwe.

M'mawa imalira ndithu kiyi kamodzi, koma ikangolira imanjenjemera mpaka chiwongolero kugwedezeka m'manja. Kumbuyo utsi wakuda bii, wonunkha petulo wosapsa, moti mayi a kunyumba andiletsa kuilizira pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala. Ndikaima pa mphambano imafuna kuzima, ndimachita kuigwira ndi phazi. Ikakhala pa liwiro pa M1 imaoneka ngati yachira, koma pokwera kuchokera ku Linthipe kubwera kuno ku Dedza imadukiza, kukoka n'kusiya, kukoka n'kusiya.

Za mafuta ndiye musakambe. Kale lita imodzi inkandiyendetsa makilomita 13 kapena 14, pano ikafika 8 ndiye kuti tsikulo ndadzuka bwino. Malipiro a mphunzitsi inu mukuwadziwa.

Nyali ya check engine imayaka mwa apo ndi apo, makamaka pa msewu wa mabampu wopita kusukulu kwathu, kenako n'kuzima yokha. Muvi wa kutentha sufika pakati, ndipo potsetsereka kupita ku Lilongwe umagwa mpaka pa C. Makaniko amati zimenezo n'zabwino, injini yozizira siotcha gasiketi.

Zomwe zachitika kale ndi izi: mapulagi tinaika atsopano koma sanachedwe kuda ndi mwaye. Fyuluta ya mpweya ndi ya mafuta tinasintha. Mankhwala otsukira mainjekita ndinathira mu thanki. Palibe chasintha. Tsopano makaniko wina akuti ndigule MAP sensa (yoyeza mphamvu ya mpweya mu manifodi), wina akuti ndi oxygen sensa (yoyeza utsi wa mu ekizozi), ndipo wachitatu anangomvetsera kulira kwa injini n'kunena kuti kompyuta ya injini yapsa, andipezera ina ya pa sikirapu. Aliyense akulankhula motsimikiza, koma palibe amene watulutsa chida choyezera. Ndiyambe kugula chiti?

WaMagetsi_Biwi analemba:

Aphunzitsi, musagule chilichonse kaye. Galimoto yanuyo imatha kunena yokha pamene pakuipweteka, ndipo chofunsira chake ndi kawaya kotalika ngati chala.

Tsekulani boneti mupeze kabokosi kakang'ono kolembedwa DIAGNOSIS. Mukatsegula chivundikiro chake, mkati mwa chivundikirocho muli chithunzi chosonyeza dzina la kabowo kalikonse. Kiyi ali pa OFF, lumikizani TE1 ndi E1 ndi kawaya kosenda mbali zonse ziwiri. Muwerenge bwino zilembozo, chifukwa m'kabokosi momwemo muli +B yomwe imakhala ndi moto wa batire, mukaigunditsa ndi E1 muotcha fyuzi. Kenako ikani kiyi pa ON osaliza injini, giya pa nyutulo, AC yozima, phazi kutali ndi moto. Yang'anani nyali ya check engine.

Ikamangophethira mofulumira, mofanana, osapumira, ndiye kuti kompyuta sinasunge vuto lililonse. Ikakhala ndi mawu, imaphethira kangapo, kupuma pang'ono, n'kuphethiranso kangapo. Kawiri, kupuma, kawiri, ndiye 22. Katatu, kupuma, kamodzi, ndiye 31. Pakakhala manambala angapo imapuma motalikirapo pakati pawo, kuyambira yaing'ono kupita yaikulu, kenako n'kubwerezanso. Jambulani pa foni kuti muziwerenga modekha.

Pa injini zimenezi manambala omwe timakumana nawo kawirikawiri ndi awa: 12 ndi 13 ndi za m'kati mwa distributor, pomwe kompyuta imamvera kuzungulira kwa injini, 14 ndi za moto wa koyilo ndi igniter, 21 ndi oxygen sensa, 22 ndi sensa ya kutentha kwa madzi, 24 ndi ya kutentha kwa mpweya wolowa, 31 ndi MAP, 41 ndi sensa ya pa throttle (kachitseko ka mpweya komwe kamatseguka mukaponda moto), 42 ndi ya liwiro. Mukaona 51 musachite mantha, nthawi zambiri ndi AC yosiyidwa yoyaka kapena throttle yosatsekeka bwino pomwe mukuwerenga.

Tsono apa ndi pomwe anthu ambiri amataya ndalama. Nambala ija siitanthauza kuti sensa yafa. Imatanthauza kuti pa njira yonse yochokera ku sensa kukafika ku kompyuta pali chinthu chomwe kompyuta sinachimvetse. Njirayo ili ndi sensa, soketi, waya ndi pini ya pa kompyuta. Pa galimoto ya 1994 mawaya auma, masoketi akuphwanyika ukangowagwira. Nyali yomwe imayaka pa mabampu n'kuzima pa tala ine imandiuza za waya kapena soketi, chifukwa sensa yakufa siuka pa msewu wosalala.

Komanso manambala ena akhoza kukhala akale, a nthawi yomwe makaniko ankazula masoketi kiyi ali pa ON. Mukawalemba, zulani fyuzi ya EFI (makina othira petulo molamulidwa ndi kompyuta) kwa masekondi oposa 10 kiyi ali pa OFF, ibwezeni, yendani msewu wanu wa mabampu uja, n'kuwerenganso. Yomwe yabwerera ndiyo yeniyeni.

Za MAP, popeza aitchula: ili ndi mawaya atatu ndi kapaipi kamodzi kochokera ku manifodi. Yambani ndi kapaipiko. Kakang'ambika kapena kuzuka, sensa imamva mpweya wa panja, kompyuta n'kumaganiza kuti mwaponda moto wonse, ndiye imathira petulo wochuluka ndipo utsi wake ndi wakuda ngati wanuwo. Kapaipi kakakhala bwino, yezani ndi mita: waya umodzi uzipereka mavoti 5, wa uthenga uzikhala pakati pa 3.3 ndi 3.9 kiyi ali pa ON injini isanalire. Ku Dedza muli pamwamba kwambiri, pafupifupi mamita 1,600, mpweya ndi wopepuka, choncho mukaipeza ili chakumunsi kwa manambalawo musaiweruze. Injini ikalira mavotiwo agwe kufika pansi pa 2, ndipo azikwera msanga mukaponda moto. Ikamachita zimenezo, MAP yanu ilibe mlandu.

Taxi_ya_Area25 analemba:

Bwana, musavutike ndi za manambala, amenewo ndi mafuta. Kodi nthawi ya mizere ija simunathireko wa m'zigubu? Ine yanga inayamba chimodzimodzi, kudukiza pa chitunda, nditatsitsa thanki ndinapeza madzi ndi zinyalala pansi. Petulo wa kuno amasakaniza ndi ethanol wa ku nzimbe, ndipo ethanol amakoka madzi, ndiye chigubu chikakhala chosatseka bwino mwagula mavuto. Tsukani thanki, sinthani pampu, basi. Ndipo sensa za m'mashopu muzisamala nazo, zina bokosi lokha ndi lokongola.

Wa_ku_Joni analemba:

Achimwene, masiku ano zimenezi n'zosavuta. Kuno ku Johannesburg timagula kachipangizo ka ELM327, mumakabaya pansi pa chiwongolero n'kulumikiza ku foni, mavuto onse amaoneka pa sikirini pamodzi ndi kutentha kwa injini. Ngati pali wobwera pa basi ndikutumizireni kamodzi.

WaMagetsi_Biwi analemba:

Achimwene a ku Joni, mtima wanu ndi wabwino koma kachipangizoko kakasowa pobaya. Kamafuna soketi ya OBD2 ya mapini 16, yomwe ku America inakhala lamulo kuyambira 1996. AE100 ya 1994 ilibe soketi imeneyo. Ngakhale magalimoto ena a msika wa ku Japan a zaka zotsatira ali ndi soketi yooneka choncho koma salankhula ndi tizipangizo totchipato.

A Taxi, mafuta oipa alipo ndithu, koma taonani zizindikiro. Pampu yofooka kapena fyuluta yotsekeka imachepetsa petulo wofika mu injini. Mapulagi amatuluka otuwa, galimoto imasowa mphamvu, koma utsi wakuda sukhalapo. Apa mapulagi ndi akuda ndipo lita ikutha msanga, kusonyeza kuti petulo akulowa wopitirira. Ngati ndi mbali ya mafuta, ndingakaikire regulator (kachipangizo kosunga mphamvu ya petulo wopita ku mainjekita) kapena injekita yodontha osati pampu. Regulator kuyeza kwake n'kosavuta: zulani kapaipi kake ka mpweya, mukapezamo petulo ndiye kuti yabooka mkati.

Madala_a_Sipanala analemba:

Ana inu mwathamangira ku mawaya, koma aphunzitsi anena kale chinthu chachikulu ndipo palibe wachitola. Akuti muvi sufika pakati, ndipo potsetsereka umagwa mpaka pa C. Galimoto imeneyo ilibe thermostat, kachipangizo kotsekera madzi kuti asapite ku redieta mpaka injini itenthe. Ndikhoza kubetcha sipanala yanga ya 12 kuti wina anaichotsa, ndipo mwinanso fani anailumikiza kuti izizungulira kiyi akangotembenuzidwa. Aphunzitsi, mawa m'mawa ikani kiyi pa ON injini ili yozizira, mumve ngati fani ikulira.

Chizolowezi chochotsa thermostat chinayamba nthawi ya magalimoto a kabuleta, ndipo chafalikira kwambiri kuno. Amati dziko lathu ndi lotentha, chinthucho anapangira ku Japan kozizira. Galimoto ikangotentha kamodzi chifukwa cha redieta yotsekeka, choyamba kutayidwa ndi thermostat, redieta n'kusiyidwa ndi matope ake. Pa kabuleta unkatha kuzemba nazo. Pa injini ya EFI ayi, chifukwa kompyuta imayeza petulo potengera kutentha kwa madzi. Injini yozizira imafuna petulo wambiri, ndiye kompyuta imawonjezera, n'kumachepetsa pang'onopang'ono pamene madzi akutentha. Thermostat ya injini yanuyo imayamba kutseguka cha pa madigiri 82. Ikapanda kukhalapo madzi amangozungulira mu redieta kuyambira pa geti, ndipo ndi mphepo ya ku Dedza ya mu Juni ndi Julayi injini simafika pomwe inayenera kufika. Kompyuta imakhala ikudikira kutentha komwe sikukubwera. N'chifukwa chake vutoli lakula nyengo ino pamene mu Okutobala munalibe dandaulo.

Kuyeza kwake sikufuna ndalama. Lizani injini yozizira mugwire mapaipi awiri akuluakulu a redieta, koma manja kutali ndi fani. Thermostat ikakhalapo redieta imakhala yozizira kwa mphindi zingapo, kenako n'kutentha mwadzidzidzi. Ikamafunda pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi, mulibe kanthu m'menemo kapena yomwe ilimo inakakamira yotsegula.

Chachiwiri, pa injiniyo pali tizipangizo ta kutentha toposa kamodzi, ndipo anthu amatisokoneza. Ka waya umodzi ndi ka muvi wa pa dashibodi, kompyuta sikadziwa n'komwe. Ka kompyuta kali ndi mawaya awiri, soketi yake nthawi zambiri imakhala yobiriwira, cha kumunsi kwa distributor mbali ya giyabokosi. Muvi ukhoza kunena zoona pamene kompyuta ikunamizidwa. Kameneka kayezeni ndi mita pa ma ohm, soketi itazulidwa. Pa madigiri 20 kazisonyeza pakati pa 2,000 ndi 3,000. M'mawa wa kwanuko, kozizira kuposa pamenepo, kadzapitirira 3,000, ndipo n'zoyenera. Pa madigiri 80 kazitsika kufika pakati pa 200 ndi 400. Mukakatulutsa mukhoza kukaviika nsonga yake m'madzi a pa mbaula n'kumaona manambala akutsika bwinobwino osadumpha.

Oxygen sensa isiyeni kaye. Sensa imeneyo imagwira ntchito itatentha, ndipo ikakutidwa ndi mwaye imachita ulesi ngakhale ili yamoyo. Kugula yatsopano lero ndi kukaipaka mwaye womwewo. Za kompyuta kupsa, zimachitika ndithu pa ma Toyota a zaka zimenezo, ma capacitor a mkati amadontha n'kudya bolodi. Koma amene akunena zimenezo aitsegule akuonetseni podontha, asamangomvera ndi khutu.

Mphunzitsi_wa_ku_Dedza analemba:

Zikomo nonse. Ndabwera ndi zotsatira, ndipo Madala sipanala yanu isungeni, simunaluze.

Fani ikulira kiyi akangofika pa ON. Tatsatira waya ndipo tapeza kuti soketi ya switch ya fani inazulidwa n'kumangidwa ndi tepi pambali. Titatsegula nyumba ya thermostat tapezamo mphete yokha, mtima wake wonse unadulidwa ndi pulayala.

Za kawaya ka TE1 ndi E1, poyamba ndinawerenga 21, 22 ndi 31. Ndinazula fyuzi ya EFI monga munanenera a WaMagetsi, n'kupita kusukulu pa msewu wa mabampu. Nyali inayaka pa mlatho waung'ono uja pomwe galimoto imadumpha. Pobwerako ndinawerenganso, yatsala 22 yokha. Ndiye kuti 31 ija inabwera pomwe makaniko ankazula MAP kuti andionetse kuti injini isintha kulira.

Mita ndinabwereka ku labotale ya sayansi kusukulu kwathu, mnzanga wophunzitsa Physics ndiye anagwira mawaya. Sensa ya mawaya awiri m'mawa inasonyeza cha m'ma 3,600. Titaiviika m'madzi otentha manambala anatsika mosadumpha mpaka kufupi ndi 300. Choncho sensayo ili bwino. Koma soketi yake ndi yomvetsa chisoni. Kokowera kake kanathyoka, mapini a mkati ndi obiriwira ndi dzimbiri, ndipo waya umodzi wangotsala ndi tingusi tiwiri kapena titatu pomwe ukulowera mu soketi. Injini ikulira ndinagwedeza wayawo ndi chala, nyali ya check engine inayaka pompo, kulira kwa injini n'kusintha.

MAP tinayezanso kuti mtima ukhale pansi: mavoti 5 alipo, wa uthenga 3.3 injini isanalire, ikalira ukugwa pansi pa 2. Kapaipi kake n'kouma koma sikanang'ambike, ndasintha ndi katsopano. M'kapaipi ka regulator mulibe petulo.

Ndagula thermostat ya madigiri 82 ndi labala yake, ndadula soketi yabwino pa injini ya pa sikirapu, wowotcherera mawailesi pa msika wailumikiza ndi soda (solder). Fani tabwezera pa switch yake. Tsopano muvi ukufika pang'ono pansi pa pakati n'kukhazikika pomwepo ngakhale potsetsereka, utsi wakuda watha, pa mphambano sikufunanso kuzima. Ngakhale hita yayamba kutulutsa mpweya wofunda.

Koma kudukiza pa chitunda kukadalipo. Kwachepa, koma ndikaika giya 4 pa liwiro lotsika n'kuponda moto imagwedeza mutu. Ndipo pa idling ndikaika dzanja ku ekizozi ndimamva kaphokoso ka "phu" mwa apo ndi apo. Kodi apa ndiye pafika pogula oxygen sensa? Chinanso chomwe sindikumvetsa: ngati waya unkaduka nyali n'kuyaka nthawi zochepa chabe, bwanji utsi unali wa tsiku lonse?

WaMagetsi_Biwi analemba:

Funso lachiwirilo ndi lokoma, ndiyambe nalo. Waya ukadukiratu, kompyuta imadziwa kuti uthengawo ndi wosatheka. Imayatsa nyali, kusunga 22, n'kungoganizira kuti madzi ali pa madigiri 80 kuti mukafike kunyumba. Nthawi imeneyo galimoto imathanso kuyenda bwinoko. Choopsa ndi dzimbiri lija, chifukwa silidula njira, limangoilemetsa. Tinene kuti sensa ikunena 300, dzimbiri n'kuwonjezerapo 1,000. Kompyuta ikulandira 1,300, yomwe kwa iyo ndi injini ya madigiri osafika 40. Nambala imeneyo ndi yotheka, ndiye siyatsa nyali, imangothira petulo wa injini yofunda pang'ono tsiku lonse. Onjezanipo thermostat yodulidwa ija, mabodza awiri onse akukokera mbali imodzi. N'chifukwa chake ine sindikhutira ndi kuyeza sensa payokha. Ndimayezanso pa kompyuta penipeni, pakati pa mapini ake a THW (wa sensa ya madzi) ndi E2, soketi zonse zili m'malo: injini itatentha pazikhala pakati pa 0.2 ndi 1.0 voti.

Kudukiza kwatsalako si kwa oxygen sensa. Ukaponda moto kwambiri kompyuta simverako n'komwe sensa imeneyo. Kumisa kobwera pa giya yaikulu, liwiro lotsika, phazi pansi, kawirikawiri ndi moto wa mapulagi. Nthawi imeneyo mu silinda mumadzaza kwambiri ndipo moto umafuna mphamvu yochuluka kuti udumphe pa pulagi, ndiye ukapeza njira yachidule pa waya wong'ambika umathawira kumeneko. Kompyuta ya galimoto yanu siwerenga kumisa, choncho simudzaona nambala.

Chitani izi. Mapulagi aja anamwa mwaye, atulutseni muwaone onse anayi motsatana, muone ngati ina ikusiyana ndi zinzake. Suzumirani m'mabowo momwe amakhala. Mukapezamo oyilo ndiye kuti malabala a tapeti kava atha, ndipo oyiloyo amadya mphira wa mawaya. Mawaya a mapulagi yezani limodzilimodzi, lisapitirire ma ohm 25,000. Usiku pamdima lizani injini boneti yotsegula, nthawi zina mumaona timoto tabuluu tikudumpha. Tsegulaninso kapu ya distributor. Pa 5A-FE koyilo imakhala mkati mwa distributor momwemo, ndipo ikakalamba imachita ming'alu kapena timizere totuwa ta kupsa m'mbali mwake. Muonenso ngati mwalowa oyilo.

Pofuna kudziwa silinda yomwe ikujomba, musazule mawaya a mapulagi injini ikulira monga amachitira ambiri. Moto wosowa kolowera umabowola koyilo ija. Zulani soketi ya injekita imodziimodzi. Yomwe mukaizula injini osasintha kwenikweni, vuto lili pa silinda imeneyo.

Oxygen sensa mukafuna kuiweruza mwachilungamo, yendani nayo kaye masiku angapo ipse mwaye. Kenako injini itatentha igwireni pa 2,500 kwa mphindi ziwiri, lumikizani TE1 ndi E1 muli pa 2,500 pomwepo, muike mita ya muvi pakati pa VF1 ndi E1 m'kabokosi ka DIAGNOSIS komweko. Muvi uzivina kasanu ndi katatu kapena kuposa pa masekondi 10.

Madala_a_Sipanala analemba:

Mwachita bwino aphunzitsi. Ndiwonjeze ziwiri zomwe mnyamata wa magetsiyu sangazikumbuke chifukwa manja ake sagwira oyilo.

Sinthani oyilo wa injini ndi fyuluta yake sabata ino, ngakhale nthawi yake isanakwane. Petulo wopitirira uja sanathere ku ekizozi yekha, wina anatsikira m'mbali mwa mapisitoni n'kusungunula oyilo. Nunkhizani dipisitiki mumva nokha.

Ndipo popeza mwabwezera thermostat, kumbukirani kuti amene anaidula anali ndi chomwe ankathawa. Mwina redieta ndi yotsekeka, mwina chivundikiro chake sichigwira mphamvu, mwina switch ya fani inafa. Muiyese ili chiimire pakhomo: idikireni itenthe mpaka fani ilire yokha n'kuzimanso yokha. Ikapanda kulira muvi n'kumapitirira pakati, zimitsani msanga musinthe switch. Musadikire kukaziona pa mzere wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe mu Novembala. Muthiremo kulanti, osati madzi a pa mjigo okha. Ndikhulupirira kuti poika thermostat kabowo kake kotulutsira mpweya munakaloza m'mwamba.

Ngati wina anazunguzapo distributor pofuna kubisa kunjenjemera kuja, timing ibwezeredwe ndi nyali yake, pa madigiri 10, TE1 ndi E1 zili zolumikiza. Za khutu zija ayi.

Taxi_ya_Area25 analemba:

Chabwino ndagonja, sanali mafuta. Koma funso langa ndi ili: yanganso ilibe thermostat ndipo fani ndi ya dayirekiti chigulireni, koma utsi wakuda sindiuona. Ine ndimangozungulira mu tauni, Area 25 kupita ku depoti. Ndiisiye choncho?

Madala_a_Sipanala analemba:

Mu tauni mumaima kwambiri, mphepo yodutsa pa redieta ndi yochepa, ndiye injini imafundako ndithu, n'chifukwa chake utsi simukuuona. Koma m'mawa uliwonse imachedwa kutentha, ndipo nthawi yonseyo ikumwa petulo woposa muyezo. Inu amene mumawerengera phindu pa lita, dzazani thanki mulembe makilomita, bwezerani thermostat ndi switch, mudzazenso mufananize. Musanatero yambani mwatsukitsa redieta.

Mphunzitsi_wa_ku_Dedza analemba:

Fani ikulira yokha n'kuzima yokha, Madala, ndipo kabowo kaja tinakaloza m'mwamba. Oyilo ndasintha, wakaleyo anali wopyapyala ndipo ankanunkhadi petulo.

Kumisa kwapezeka pa silinda 3. Nditazula soketi ya injekita yake injini sinasinthe kwambiri ngati pa zinzake. M'bowo la pulagi yake munali oyilo wofika theka, mphira wa waya watupa ndipo uli ndi kamzere kotuwa m'mbali. Pa mita mawaya atatu ali bwino, la nambala 3 silikusonyeza kanthu mpaka utalipinda. Ndaika malabala atsopano a tapeti kava, mawaya onse anayi ndi mapulagi ena. Chitunda cha ku Linthipe yakwera pa giya 4 osagwedeza mutu, ndipo TE1 ndi E1 ikungophethira mofanana.

Koyilo ndaiona, ili ndi kamng'alu kakang'ono pakona koma palibe mzere wa kupsa. A WaMagetsi, imeneyi ndiyende nayo kapena ndiyambe kufunafuna ina?

WaMagetsi_Biwi analemba:

Yambani kufunafuna, koma mosathamanga. Yakhala ikulimbana ndi waya woduka uja nthawi yaitali, ndipo mng'alu umalowa chinyontho mvula ikayamba. Mupeze ya Denso yochotsa pa distributor ya 5A-FE kapena 4A-FE ya zaka zomwezo, mutenge yanuyo m'manja pokagula kuti mufananize mabowo a masikuluwu ndi mawaya ake. Poisintha simufunika kuzula distributor yonse, choncho timing siisokonekera. Muchotse kaye waya wa negetivu pa batire.